Puloti ndi yanga, nanga madzi a pansi pake ndi a yani?

FUNSO: Malume, ndili ndi puloti ku Area 25 imene ndinagula ndi thukuta langa. Kuseri ndinamangako nyumba zitatu za lendi, koma mita ya madzi ndi imodzi. Bilu ikabwera aliyense amalumbira kuti amasamba theka la ndowa. Mayi a kunyumba nawonso ali ndi kadimba ka mpiru ndi tomato. Ndaganiza zokumbitsa mjigo, koma mnzanga wa kutchalitchi akuti ndidzalipitsidwa chindapusa. N'zoona zimenezi? Boma likuloweramo bwanji pa madzi otuluka pamalo anga? Ndiye mawa lidzayamba kutiwerengera ndowa zosamba? Ndine landilodi wodandaula, Area 25.

YANKHO: Bambo, mnzanuyo sanakunamizeni. Lamulo la za madzi la 2013 limati madzi a m'dziko muno, a m'mitsinje ngakhalenso apansi pa nthaka, ali m'manja mwa boma m'malo mwa tonsefe. Wofuna kukumba mjigo amayamba wapempha chilolezo ku bungwe la boma loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, ndipo mumzinda muno, mmene Lilongwe Water Board imagawa madzi, nayonso iyenera kumva kaye. Wokumbayo akhalenso wovomerezeka. Musatengeke ndi anyamata ofika ndi lole usiku n'kumati "bwana, tingoboola pofika m'mawa tatha." Safunsa anadya phula.

Mapepala a puloti anakupatsani dothi ndi zimene mwamangapo, koma madzi apansi sadziwa mpanda wa munthu. Amene mungapope inu adutsa pansi pa nyumba za anzanu, pansinso pa zimbudzi zawo. Akatswiri a zaumoyo amati pakati pa chitsime ndi chimbudzi chokumba pakhale mamita 30. Tulukani mawa m'mawa muponde mapazi kuchokera pamene mukufuna kuboolapo mpaka pachimbudzi cha alendi anu, kenako cha oyandikana nawo kuseri kwa mpanda. Ine ndinayesapo zimenezi kwa mlamu wanga ku Area 36, nthawi ya kolera ija, masukulu a mu Lilongwe ndi Blantyre atachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Ndinawerenga mapazi 12 basi. Madzi a m'chitsimemo anali oyera mbee, ozizira bwino, ndipo ana ankangotunga ndi kapu n'kumwa. Mliri umenewo unatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mjigo umalowa pansi kwambiri kuposa chitsime chokumba ndi khasu, inde, koma ukapanda kumatidwa bwino m'khosi zoipa za pamwamba zimatsikira momwemo. Ndiye omwa madziwo si inu nokha, pali mabanja atatu okulipirani lendi.

Palinso nkhani ya ndalama, ndisakubisireni. Mipope, mankhwala otsukira madzi ndi madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde zimayendera mabilu athu omwewa. Onse a matumba olemera akaboola mijigo n'kusiya kulipira, katunduyo amatsalira mayi wa ku Mtandire amene amagula madzi pa ndowa pakiyosiki.

Koma kudandaula kwanu ndikukumva, ndipo pena ndili mbali yanu. Lamulo longoletsa osapatsa munthu pogwira limasanduka nthabwala. Taonani za makala. Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe wodzaza madamu aja. Mu 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa, kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo kukhala mlandu waukulu. Komabe m'bandakucha uliwonse njinga zimalowa mumzinda zitasenza matumba otalika kuposa wopalasayo, ndipo ogula ndife tomwe. Kwanga mbaula ilipo, nyemba sindiphikira pa magetsi, ndinamirenji. Amene anali muno mu 2016 akukumbukira madzi akugawidwa mosinthana madera, madamu ataphwa. Tinkatukwana pamzere wa madzi titanyamula zigubu, madzulo n'kukagula thumba lina la makala.

Za kuwerenga ndowa zosamba musade nazo nkhawa, ntchito imeneyo mita inaigwira kale.

Ngati mtima uli pa mjigo ndithu, kapempheni chilolezo, ndipo mudziwiretu kuti akhoza kukukanizani poti mipope inafika kale kwanuko. Ine ndikadakhala inu ndikanayamba ndi zotchipa. Pemphani kuti nyumba iliyonse ikhale ndi mita yake, muone ngati za theka la ndowa zija zipitirire. Madzi a mvula otsika pa malata palibe angakuletseni kuwakinga. Ikani thanki kapena migolo, ngakhale kuti pofika Okutobala adzakhala atatha kalekale ndipo mpiru wa mayi udzadalira madzi otsukira mbale. Usiku wa lero, onse akagona, tsekani mipope yonse, lembani manambala a pa mita, m'mawa mukaonenso munthu asanatunge. Manambala akasuntha ndiye kuti penapake pakudontha. Kwa ine kanali kathanki ka m'chimbudzi, kamene kanakhala kakulira chamumtima kwa miyezi inayi ine ndikukalipira ana.