Mfuti ya Pisitoni ndi Yopanda Pisitoni: Yabwino ndi Iti?

Funso: Achimwene, ndimamva kuti AK-47 ili ndi pisitoni pomwe M16 ilibe. Kodi zimasiyana pati?

Yankho: Zonse ziwiri zimadalira mpweya wotentha wa wonga ukaphulika. Pampope wa mfuti pali kabowo komwe kamapatutsa pang'ono mpweyawo kuti ukankhe zitsulo zotaya chikhokho ndi kulowetsa chipolopolo china.

Mu M16, yochokera pa luso la Eugene Stoner, mpweyawo umadutsa m'kapaipi kowonda mpaka m'kati mwenimweni mwa mfuti. Zitsulo zoyenda n'zochepa, mfuti imapepuka, sigwedera kwambiri, n'chifukwa chake imalasa bwino patali. Koma mwaye ndi kutentha zimathera m'katimo. Mukaitsegula itawomba kwambiri, zala zimada bii, mafuta atauma. Asilikali a America anavutika nayo ku Vietnam m'ma 1960, wonga atausintha, zotsukira zilinso zosowa, ndipo mfuti zinkakanirira nkhondo ili mkati.

Mikhail Kalashnikov, amene anapanga AK-47, anasankha pisitoni, kamtengo kachitsulo kokankhidwa ndi mpweya. Mpweya umamenya pisitoniyo chakutsogolo kwa mfuti, iyo n'kubwerera m'mbuyo n'kukankha zina zonse, mwaye wambiri n'kutsalira komweko. Komatu chitsulo cholemeracho chikamathamanga uku ndi uku chimagwedeza mfuti, ndipo kutsogolo kumalemera. Dziwaninso kuti kupirira kwa AK pafumbi kumachokeranso ku mipata yotakasuka pakati pa zitsulo zake.

Ineyo mtima wanga uli pa mfuti ya HK416 ya kampani ya Heckler & Koch: thupi ngati la M16, koma pisitoni yake imangogunda pang'ono n'kubwerera. Yolemererako ndithu, koma m'kati mumakhala moyera.