Akuti mu Lilongwe mulibe chojambula, ndiyankheko

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Area 25. Akuti iwo amajambula maukwati, zinkhoswe ndi ma graduation, kangachepe kakupezeka ndithu, koma mtima wawo ukufuna kuyamba kujambula mzinda weniweniwo, nyumba, misewu, maonekedwe a tauni. Vuto ndi loti akatuluka ndi kamera amabwerako chimanjamanja, ndipo anzawo akuwauza kuti Lilongwe ndi chimudzi chachikulu chabe, ngati akufuna zithunzi za nyumba akwere basi apite ku Blantyre kaya ku Zomba. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi muno muli chojambula? Ndiyambire pati, nanga apolisi sandigwira?"

Achemwali, zikomo polemba, funso ili landikhudza chifukwa mzinda uno ndimaukonda ndipo zimandiwawa kuti zithunzi zake zabwino ndi zochepa kwambiri.

Anzanuwo mbali ina akunena zoona. Ku Blantyre kuli tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891, kuli Mandala House ya 1882, mu Victoria Avenue nyumba zinathithikana ndiye ukangoima pakona chithunzi chadzipanga chokha, kumbuyo phiri la Ndirande kaya Soche likukuthandizanso. Kuno zimenezo kulibe. Koma musanataye mtima mumvetse kaye chifukwa chake, poti chifukwa chimenecho ndiye nkhani yomwe kamera yanu ikuyenera kuigwira.

Lilongwe sinakule yokha pang'onopang'ono, inachita kujambulidwa papepala. Kalembera wa 1966 anapeza anthu osafika ndi 20,000 omwe muno, kanali kaboma ka alimi a fodya ndi masitolo a amwenye kufupi ndi mtsinje basi. Kamuzu ataganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba ngongole yake inachokera ku South Africa, pulani anajambulanso ndi akatswiri a konko, mu 1968 anakhazikitsa Capital City Development Corporation kuti imange, ndipo likulu linasamuka mu 1975. Pulani imeneyo inkafuna dala kuti mzinda ukhale womwazikana, Old Town uku, City Centre ndi Capital Hill uko, mafakitale ku Kanengo, bwalo la ndege kutali ku Lumbadzi, pakati pake nkhalango ndi madambo, monga nkhalango ija ya mumtsinje wa Lingadzi komwe kuli Wildlife Centre. Manambala a ma Area nawonso satsata kuyandikana, inu muli ku 25 kumpoto koma 24 ili mbali ina kotheratu kum'mwera kwa tauni. Ojambula pulaniwo m'mutu mwawo munali munthu wa galimoto, mabwana anawaika ku Area 10 ndi 43 kufupi ndi maofesi, ogwira ntchito wamba kutali. Lero kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 ndipo ambiri mwa iwo galimoto alibe.

Ndiye mukaimirira n'kumafuna mzere wa nyumba zazitali ngati za ku Nairobi simuupeza, ndipo simudzaupeza. Chomwe Lilongwe ili nacho ndi mipata ija, ndi zomwe anthu akuchita mumipatamo. Dzukani 5 koloko mukaime pomwe anthu a ku Mtandire amatulukira kulowa ku 47, kaya a kwa Kauma akulowera ku 12 ndi 43, muone mzere wa anthu oyenda pansi, alonda akuweruka antchito a m'nyumba akulowa, njinga za makala, akabaza, onse akudutsa tinjira tafumbi tomwe mapazi anapanga okha m'mbali mwa tala chifukwa pulani sinawaganizire. Mwezi wa Febuluwale chimanga chimakhala chitatalika pakati penipeni pa likulu la dziko, kuseri kwake kukuoneka denga la ofesi ya boma. Kwa ine chithunzi cha Lilongwe ndi chimenecho, ndipo ku Blantyre simungachipeze chonchi.

Nyumba zikuluzikulu ziliponso zoti muzione bwinobwino osangodutsa pa minibasi. Yambani ndi ya Reserve Bank ku City Centre, ija imakula pokwera m'mwamba, nsanjika yapamwamba kuphimba yapansi pake. Anthu amangoti ndi sitayilo koma taonani nthawi ya masana, nsanjika iliyonse ikupereka mthunzi kwa inzake yapansi. Nyumba zambiri za m'ma 1970 ndi 1980 zinkaganizira dzuwa chonchi, mawindo olowa mkati, timadenga ta konkire pamwamba pa windo, njerwa zamabowo zolowetsa mphepo pamasitepe, makonde aatali. Zimenezi pachithunzi zimatuluka bwino zedi chifukwa zimapanga mithunzi yakuthwa yomwe imasintha ola lililonse. Kenako kaoneni zatsopano, Nyumba ya Malamulo yomwe anatimangira a ku China n'kutsegulidwa mu 2010, nyumba ya misonkhano ikuluikulu ya BICC, Bingu National Stadium ya 2017, ndi chiliza cha Kamuzu cha 2006 chija chili ndi nsanamira zinayi zoimira ngodya zinayi za ulamuliro wake. Ndinene maganizo anga poyera, nyumba zambiri zamagalasi zomwe zikumera pano sizindisangalatsa, galasi lalikulu loyang'ana kumadzulo mwezi wa Okotobala limasandutsa ofesi kukhala uvuni magetsi akangothima, ndipo agogo athu omwe ankamanga khonde kuzungulira nyumba ankalidziwa dzuwa la kuno kuposa ife. Koma zijambuleni ndithu, muziike pafupi ndi zakale zija anthu aweruze okha. Musaiwalenso nkhokwe za chimanga za ku Kanengo, zili pafupi ndi kwanu komweko, m'mawa dzuwa likaziomba m'mbali zimaoneka mochititsa kaso.

Koma ndikanakhala inu ndikanayambira ku Area 18. Nyumba zija za Malawi Housing Corporation anazimanga zofanana, pulani imodzi mzere wonse. Papita zaka zambiri ndipo mwini aliyense waisintha yake, wina anawonjezera chipinda kutsogolo, wina anatseka khonde ndi mabagala, wina anaika matailosi mpaka kunja, wina kumbuyo anamanga boyizikota ya lendi, wina anatsegula kaokala pampanda, ndipo mukafufuza mupeza ina imodzi yomwe ikadali momwe inalili ndi hedge yake yakale. Mukajambula nyumba ngati 20 zoterezi, zonse mutaima molunjika kutsogolo, mtunda wofanana, nthawi yofanana ya tsiku, n'kuziika pamodzi, munthu awona mbiri ya mabanja a Lilongwe popanda inu kulemba liwu. Ntchito yotereyi ndi yomwe imatchedwa project, osati chithunzi chimodzi chokongola cha dzuwa likulowa chomwe aliyense ali nacho kale mufoni.

Mipanda nayo ndi nkhani payokha. Akuluakulu omwe anakhala muno kale amakuuzani kuti nyumba zinkaonekera kumsewu, lero ndi fensi ya njerwa, pamwamba mabotolo oswa, kenako waya wa minga, kenako waya wa magetsi, aliyense monga mwa thumba lake. Mageti akewo amawotcherera anyamata a ku Mchesi ndi ku Biwi ndipo muli luso lenileni mmenemo, maluwa, dzuwa lotuluka, mikondo, ena mpaka zilembo za dzina la mwini. Amenewa ndi ma designer athu ngakhale palibe amawatchula choncho. Chimodzimodzi olemba zikwangwani ndi bulashi, mitu yometedwa ija pakhoma la babashopu, ng'ombe ya pabutchala, nsomba ndi mbale ya nsima pa lesitilanti, zimenezi zikutha msangamsanga chifukwa aliyense akuthamangira mabana osindikiza pa kompyuta, ndipo magolosale ambiri apakidwa kale penti yofiira ya Airtel kapena yobiriwira ya TNM. Mukapeza chikwangwani chapamanja funsani anachilemba ndani, mumupeze mumujambule ali pantchito. Pitaninso kumsika wa Tsoka mukaone timilatho tamitengo tomwe anthu anakhoma okha pamtsinje wa Lilongwe n'kumalipiritsa owoloka, palibe injiniya anajambula koma anthu miyandamiyanda amadutsapo tsiku lililonse.

China chomwe ndikufuna muchiyang'anitsitse ndi mtundu wa mzindawu. Lilongwe yomwe tinaizolowera ndi yofiira, dothi lofiira njerwa zowotcha zofiira. Njerwa zimenezo zadya mitengo yambiri, ndipo kuyambira 2018 malamulo akuletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga za boma ndi zikuluzikulu zamalonda, ndiye mukapita kumalo atsopano ngati ku 49 kaya njira ya ku eyapoti muona makoma otuwa a mabuloko a simenti ndi malata amitundumitundu. Mzinda ukusintha khungu ife tikuona. Pali njira inanso yapakati, mabuloko a dothi osakaniza simenti pang'ono opanikizidwa ndi makina osawotcha, ndipo mukafuna kuona momwe amakongolera kwerani basi ya ku Kasungu mukaone nyumba zodikirira amayi oyembekezera pachipatala cha boma zomwe anajambula a MASS Design Group mu 2015, timanyumba ting'onoting'ono tosonkhana ngati mudzi, madenga otambalala opereka mthunzi ndi malo okhala panja.

Tsopano za kajambulidwe. Ife tili kum'mwera kwa equator, ndiye miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, makoma oyang'ana kumpoto amawala tsiku lonse pomwe oyang'ana kum'mwera amakhala mumthunzi, choncho musanapite dziwani kaye nyumba yanuyo yayang'ana kuti. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula isanagwe kumwamba kumachita mbuu ndi fumbi ndi utsi wa moto wolusa, zakutali sizioneka, koma ndi nthawi yomweyo ma jacaranda amachita maluwa, ndipo dzuwa la madzulo limafiira bwino. Kumwamba koyera bwino mukupeza mvula ikangokata, pamenepo mpaka phiri la Bunda ndi Nkhoma amaoneka ngati ali pafupi. Masana 12 koloko pumulani, pokhapokha ngati mukufuna mithunzi ya timadenga ta konkire tija.

Cholakwika chomwe ndimachiona kwambiri ndi nyumba yooneka ngati ikugwa chagada. Zimachitika mukaima pafupi n'kupendeketsa kamera m'mwamba kuti denga likwane, mizere yonse yoongoka imakakumana kumwamba. Bwererani m'mbuyo, wolokani msewu ngati n'kotheka, gwirani kamera mowongoka ndipo gwiritsani lenzi yokoka m'malo mwa yotambalala ija mumajambulira gulu la paukwati. Pafoni yatsani grid, timizere ta pasikirini tokuthandizani kuwongola chithunzi, dinani 2x, pansi pakachuluka mudzadula pokonza. Ndipo dikirani munthu adutse, mayi wosenza beseni la nthochi kutsogolo kwa Kang'ombe House ndi amene amauza woonera kukula kwa nyumbayo komanso kuti tili dziko liti.

Za apolisi zija. Pali malo otetezedwa ndi lamulo omwe simuyenera kuloza kamera popanda chilolezo, kunyumba ya boma, ku Kamuzu Barracks, malo a apolisi, mkati mwa eyapoti. Ku Capital Hill, ku Nyumba ya Malamulo ndi kumabanki, Reserve Bank yomwe ija, musachite mobisa, pitani kwa alonda apageti mupereke moni munene chomwe mukufuna, akakuuzani kuti mulembe kalata lembani, yendani ndi chitupa chanu ndi zithunzi zingapo zosindikiza zoti muwaonetse ntchito yanu. Drone imafuna chilolezo cha a zandege, musangoulutsa. Kumsika yambani mwaonana ndi atcheyamani, ku Area 18 gogodani pageti mupemphe eni nyumba. Ndipo chonde ku Mtandire, ku Mgona kaya kwa Chinsapo musapite ngati mlendo wodzajambula umphawi wa anthu kuti mupeze ma like, pitani ndi munthu wa komweko, chezani kaye, amene wakana musiyeni, amene walola mudzamubweretsere chithunzi chake chosindikiza. Ana musawajambule makolo awo asanavomere.

Chifukwa chomwe ndikukuumirizani kuti muyambe mwezi uno ndi ichi, mukukumbuka mu 2021 mitengo ya mu Kenyatta Drive itadulidwa kuti msewu ukule, anthu anadandaula kwambiri pa Facebook, koma pofunafuna zithunzi zabwino za msewuwo mitengo ikadalipo zinali zowerengeka. Pa Area 18 pomwe pali interchange panali raundabauti, ana obadwa pano sadzaidziwa. Ndiye chithunzi chilichonse muzichilemba tsiku, Area ndi msewu mudzina la fayilo, sungani choyambirira malo awiri, pa hard drive ndi pa intaneti, osadalira WhatsApp chifukwa imafinya zithunzi mpaka sizingasindikizidwenso zazikulu. Maukwati musasiye, ndi amene agule batire ndi mafuta, ndipo mukakhala ndi zithunzi zabwino za nyumba ma architect, makontilakitala ndi eni malo ogona alendo amafuna munthu wowajambulira ntchito zawo, ojambula otere muno ndi ochepa. Mukamaliza nyumba khumi zoyamba za ku 18 munditumizire pa imelo yomweyi ngati document, tidzaziona limodzi ndikuuzeni zoyenera kubwereza.