Kodi n'kofunika kudziwa tanthauzo la mawu pa masewera a Scrabble ndi crossword?

Mmodzi wa owerenga wandilembera imelo yofotokoza kuti wayamba kusewera Scrabble ya Chingerezi (masewera opanga mawu poyala zilembo pabolodi) ndiponso kudzaza mawu m'timabokosi ta crossword, koma akugonja kawirikawiri. Funso lake ndi lakuti: kodi angoloweza pamtima mndandanda wa mawu, kapena azivutikanso kufufuza tanthauzo la liwu lililonse?

Yankho langa ndi lakuti muzifufuza tanthauzo, ngakhale kuti malamulo a Scrabble sakukakamizani kutero. Pa masewerawa, amene anayambitsidwa ndi Alfred Butts wa ku America m'zaka za m'ma 1930, liwu limaloledwa ngati lili m'dikishonale imene mwagwirizana kugwiritsa ntchito, ndipo palibe amene angakufunseni kuti mulimasulire. Nigel Richards wa ku New Zealand anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa mu 2015 asakulankhula Chifalansacho, atangoloweza mawu ake. Koma anthu a mutu wotere ndi ochepa kwambiri, ndipo kwa ambirife liwu lopanda tanthauzo limathawa m'mutu pakangopita masiku owerengeka.

Yambani ndi mawu a zilembo ziwiri, chifukwa ndiwo amakuthandizani kuyala liwu lanu m'mbali mwa liwu limene lili kale pabolodi n'kuwerengetsa mapointi mbali ziwiri nthawi imodzi. Mawuwa amangopitirira pang'ono 100, ndipo ambiri ali ndi mbiri yosangalatsa. QI ndi mphamvu ya moyo malinga ndi chikhulupiriro cha ku China, ZA ndi chidule cha pizza, XU ndi kandalama ka ku Vietnam, XI ndi chilembo cha Chigiriki, pamene AA ndi mwala wokhakhala wochokera ku chiphalaphala cha phiri lophulika, liwu lochokera ku Hawaii. Popeza Q ndi Z zimapatsa mapointi 10 chilichonse, pamene J ndi X zimapatsa 8, timawu timeneti timapulumutsa munthu amene chilembo chovuta chamutsalira m'manja masewera ali pafupi kutha.

Phindu lenileni la tanthauzo limaonekera pamene mukufuna kutalikitsa liwu. Mukadziwa kuti liwu ndi mneni, mumayembekezera kuti lingalandire ED kapena ING kumapeto kwake, ndipo mukadziwa kuti ndi dzina, mumadzifunsa mmene limakhalira zinthuzo zikachuluka. QI limalandira S n'kukhala QIS, koma XU silisintha, moti woika XUS amabwezedwa. Amene anawerenga zonse zimene dikishonale ikunena pa liwulo amakumbukira kusiyana kumeneku, pamene wongoloweza amalingalira mwa mwayi. Dziwaninso kuti mndandanda wa mawu ololedwa wotchedwa Collins, umene umagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri kunja kwa North America, uli ndi mawu ena monga ZO amene mndandanda wa ku America ulibe, choncho muzigwirizana za dikishonale musanayambe.

Pa crossword nkhani ndi ina, chifukwa kumeneko tanthauzo ndilo masewera enieniwo. Chiyambire pamene Arthur Wynne anasindikiza crossword yake mu nyuzipepala ya New York World pa 21 December 1913, opanga mafunso akhala akudalira mfundo yakuti liwu limodzi la Chingerezi limasenza matanthauzo angapo. Liwu lakuti "bank" lingatanthauze kosungira ndalama kapena gombe la mtsinje, ndipo "lead" lingakhale kutsogolera kapena mtovu. Mu crossword zokuluwika za ku Britain, funso lotchula "flower" nthawi zina silinena za duwa ayi, koma za chinthu choyenda ngati madzi (kuchokera ku "flow", kuyenda kwa madzi), ndiye kuti yankho lake ndi dzina la mtsinje monga Thames. Ine msampha umenewu ndimaukonda kwambiri, pakuti umaphunzitsa munthu kusakhulupirira tanthauzo loyamba limene labwera m'mutu. Onetsetsaninso kaumbidwe ka funso: likakhala la zinthu zambiri, yankho limakhalanso la zambiri, ndipo likakhala la nthawi yakale, yankho limatsatira chimodzimodzi.

Chimene ndingakulangizeni n'chakuti mukhale ndi kabuku kolembamo mawu amene akugonjetsani pa masewera, osati amene mwangowatola pamndandanda. Pa liwu lililonse lembani tanthauzo, mtundu wake, ndi zilembo zimene lingalandire kutsogolo kapena kumapeto, monga mmene HOST limasandukira GHOST, kapena RAIN kukhala TRAIN, BRAIN ndi RAINY. Mukalowetsa mawu asanu okha m'kabukuko pambuyo pa masewera alionse, n'kuwawerenganso musanasewere ulendo wotsatira, mudzayamba kuwazindikira msanga pamene zilembo zake zagwera m'manja mwanu.