Yunivesite yotchuka ndi chipatala ikulimbiranji mpira? Yankho kwa bambo a ku Zomba

Bambo ena a ku Zomba andilembera pa imelo. Mwana wawo wamkazi akuchita digiri yachiwiri ya zaumoyo ku University of Alabama at Birmingham, imene eni ake amangoitchula kuti UAB, ndipo akuti akaimba foni sachedwa kutchula mkangano wa mpira womwe mpaka lero sunazirale pasukulupo. Funso la bambowa ndi ili: "Ndamva kuti sukuluyi inathetsapo timu ya mpira, kenako n'kuibwezeretsa anthu atachita zionetsero. Ine ndinatumiza mwana kukaphunzira. Kodi yunivesite yodziwika ndi chipatala ikumwazirenji ndalama pa masewera? Wolakwa anali ndani, amene anatseka kapena amene anakuwa?"

Bambo, zikomo pondilembera. Ine ndili kumbali ya amene anakuwa, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Koma nkhawa yanu ya ndalama sindiitaya, pakuti ndi yoona, ndipo lero yakula kuposa mmene inalili nthawi imeneyo.

Choyamba, mpira tikunenawu si wamiyendo uja wa Bullets ndi Wanderers. Ndi wa ku America, wa zipewa zolimba ndi mpira wosongoka mbali zonse. M'chigawo cha Alabama mulibe timu ya ligi yaikulu ya NFL, choncho mtima wonse wa anthu uli pa matimu a mayunivesite. Bwalo la University of Alabama ku Tuscaloosa limalowa anthu oposa 100,000, ndipo limadzaza. Kumeneko sukulu yopanda timu anthu wamba saiwerengera, kaya ili ndi madokotala anzeru bwanji. Mukhoza kudana nazo, koma ndi mmene dziko lija lilili.

Mutu wa nkhani uli pa mmene UAB inabadwira. Inayamba ngati nthambi ya yunivesite ya ku Tuscaloosa, pamodzi ndi sukulu ya udokotala, ndipo inaima payokha mu 1969. Komabe masukulu atatu, ya ku Tuscaloosa, ya ku Birmingham ndi ya ku Huntsville, anatsala pansi pa bodi imodzi. Bodiyo imasankha yokha mamembala ake, nyumba ya malamulo ya chigawo n'kungovomereza, ndipo kwa zaka zambiri ambiri mwa iwo anali anthu a ku Tuscaloosa mumtima ndi m'maphunziro. UAB inakula mpaka kukhala bwana wamkulu wolemba anthu ntchito m'chigawo chonse, chipatala chake chili ndi mabedi oposa 1,000, koma anthu a ku Birmingham ankadzimva ngati nyumba yachiwiri pamitala: imalima kwambiri, imakolola kwambiri, koma ikafuna kugula kanthu kake iyenera kukapempha kunyumba yaikulu.

Inu a ku Zomba izi si zachilendo kwa inu. Mukukumbuka mmene Polytechnic ndi College of Medicine ankadandaulira ali pansi pa khonsolo imodzi ya University of Malawi, mpaka pamene anapatukana mu 2021 n'kubadwa MUBAS ndi KUHeS. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Alabama sanapatukane, ndipo mkwiyo wonse unakatulukira pa mpira.

Timu ya UAB, yotchedwa Blazers, inayamba mu 1991 m'gawo laling'ono, n'kukwera kufika m'gawo lapamwamba mu 1996. Masapota ake amawerenga zilonda zawo mmodzimmodzi. Mu 2006 sukuluyi inagwirizana ndi Jimbo Fisher kuti akhale kochi, koma bodi sinalole. Fisher yemweyo anadzatenga chikho cha dziko lonse ndi Florida State. Mu 2011 panali pulani yomanga bwalo pasukulu pomwepo, bodi inaikankhira pambali. Timu inapitiriza kusewerera pa Legion Field, bwalo lakalekale la mu 1927, lalikulu mopitirira muyeso, kotero kuti ngakhale pabwere anthu 15,000 pankaoneka ngati palibe munthu. Ndiye anthu omwewo amene anakana bwalo latsopano ankaloza mipando yopanda anthu n'kumati taonani, timuyi ilibe oikonda. Apa ndi pamene ine ndimaona kupanda chilungamo kwenikweni.

Palinso nkhani ya chidani chakale. Mu 1991 Gene Bartow, amene anayambitsa zamasewera ku UAB, analembera kalata bungwe la NCAA, loyang'anira masewera a m'mayunivesite ku America, yodandaula za kuphwanya malamulo ku Tuscaloosa, ndipo m'kalatamo anakhudza dzina la Bear Bryant, kochi amene anthu a ku Alabama amamulemekeza koposa. Mwana wa Bryant, Paul Bryant Jr., anadzakhala membala wamphamvu wa bodi ija. Masapota a UAB amakhulupirira kuti kalatayo sinaiwalike. Ichi ndi chikhulupiriro chawo, ndipo akuluakulu a sukulu anakana kuti bodi ndiyo inalamula kutseka timu. Koma mukamva mwana wanu akunena kuti anthu kumeneko sakhulupirira bodi, gwero lake ndi limeneli.

Chaka cha 2014 ndicho chimapweteka kwambiri. Chaka cham'mbuyo mwake timu inapambana masewero 2 okha mwa 12. Kunabwera kochi watsopano, Bill Clark, mwana wa ku Alabama komweko, ndipo anyamata omwe aja anapambana 6 n'kugonja 6. Anthu obwera kudzaonera anawirikiza pafupifupi kawiri. Kwa nthawi yoyamba chichokere 2004, timu inayenerera kukasewera masewero apadera a kumapeto kwa chaka. Anagonjetsa timu ya yunivesite ya Southern Miss pa 29 November, ndipo patangotha masiku atatu, pa 2 December, mkulu wa sukuluyi, Ray Watts, analengeza kuti mpira watha. Inali yunivesite yoyamba ya m'gawo lapamwamba kutseka timu yake chichokere pamene University of the Pacific inatero mu 1995.

Pali kanema amene anajambulidwa pa foni m'chipinda chimene Watts anakumana ndi osewera. Mmodzi mwa iwo, bambo wa ana yemwe anamenyapo nkhondo ku Iraq asanabwerere kusukulu, anaimirira misozi ili mbwembwembwe, akuloza anzake achichepere amene anachoka kutali kudzasewera ndi kuphunzira pamenepo, n'kufunsa kuti awa apite kuti. Watts anatuluka ndi apolisi akumuteteza ku gulu lomwe linali panja. Kumbukirani, bambo, kuti timu yotere inkakhala ndi malo 85 a sikolashipu. Kwa anyamata ambiri ochokera m'mabanja osauka, mpira ndiwo unali fizi yawo. Sukulu inalonjeza kuti sikolashipu zipitirira, koma wofuna kusewera anayenera kusamuka, ndipo ambiri anabalalikadi. Jordan Howard anapita ku Indiana, kenako anakafika mu NFL. Ndiponso si anyamata okha amene anapwetekeka. Tsiku lomwelo anatseka matimu awiri a atsikana, ya bowling ndi ya kuwombera chandamale, pakuti lamulo la Title IX limafuna kuti mwayi wa amuna ndi akazi uzilingana, ndipo mpira utachoka, atsikanawa anaoneka ngati otsala pa masamu. Iwowa sakumbukiridwa kawirikawiri, ndipo zimandiwawa.

Tsopano mbali yanu. Watts si munthu wosadziwa kanthu. Ndi dokotala wa ubongo, wobadwira ku Birmingham, wophunzira pa UAB pomwepo. Iye anati sukulu inkaika kale madola pafupifupi 20 miliyoni pachaka m'bajeti ya zamasewera ya madola 30 miliyoni, ndipo kampani ya CarrSports imene anailemba ntchito inati pafunika ena 49 miliyoni pa zaka zisanu kuti timu ipikisane bwino. Ndalama zimenezo akanazichotsa kuti? Ku makalasi, ku kafukufuku, kapena m'matumba a ophunzira ngati mwana wanu. Dzina la UAB kuno kwathu silinafike ndi mpira. Linafika ndi madokotala, monga aja anathandiza kukhazikitsa CIDRZ ku Lusaka mu 2001, bungwe lomwe lagwira ntchito yaikulu pa matenda a Edzi. Munthu wonena kuti ndalama ipite kumeneko sanganenedwe kuti ndi wopusa.

Vuto linali masamu enieniwo ndi njira imene anatsata. Akatswiri ena a zachuma, Dan Rascher ndi Andy Schwarz, atawerenganso anapeza kuti lipotilo linakulitsa zotayika n'kuchepetsa zolowa. Mwachitsanzo, sikolashipu imalembedwa pa mtengo wonse wa fizi, chikhalirecho sukulu siitulutsa ndalama yonseyo m'thumba pamene m'kalasi muli kale mpando wopanda munthu. Komanso ligi yawo, Conference USA, sinkalola membala wopanda timu ya mpira, kutanthauza kuti basketball ndi masewera ena onse akanathamangitsidwa n'kutaya ndalama za pa TV. Choipitsitsa, palibe amene anapita kwa anthu amalonda a mu Birmingham kukanena kuti tikusowa zakutizakuti, mutithandiza kapena titseke? Anangowauza chigamulo chitapangidwa kale. Munthu ukamulanda chinthu osamufunsa, samva za masamu ako ngakhale atakhala olondola.

Chimene chinatsatira sichinachitikepo kawirikawiri. Ophunzira anaguba, mawu akuti #FreeUAB anadzaza pa intaneti, ndipo mu January 2015 bungwe la aphunzitsi linavota kuti lilibenso chikhulupiriro mwa Watts. Taonani mawu amene anasankha: sanati bwezani mpira, anati masulani UAB. Aphunzitsi ambiri amene anavota sankapita n'komwe kubwalo. Iwo ankaopa kuti ngati chinthu chachikulu chotere chingathetsedwe mseri, mawa ikhala dipatimenti yawo. Kenako anthu anasiya kukuwa n'kuyamba kusonkha. Eni makampani, khonsolo ya mzinda, ophunzira akale, ngakhale ophunzira omwe anavomera kuti fizi ikwereko pang'ono, analonjeza madola oposa 17 miliyoni. Pa 1 June 2015, patangopita miyezi isanu ndi umodzi, Watts yemweyo anaima n'kulengeza kuti matimu onse atatu abwerera, koma anaika malire: sukulu siwonjezera chimene inkapereka kale, zotsalazo asonkhe eni ake ofuna mpira.

Malire amenewa ine ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse, ndipo ndikuganiza kuti nanunso mungagwirizane nawo. Ndi zimene zinayenera kuchitika poyamba pomwe, anyamata aja asanabalalike.

Bill Clark anakhala zaka ziwiri ali kochi wopanda masewero, sanachoke. Timu itabwerera mu September 2017, anthu oposa 45,000 anadzaza pa Legion Field yomwe ija ankati ilibe anthu. Chaka chimenecho anapambana masewero 8, mu 2018 anapambana 11 n'kutenga chikho cha ligi, ndipo anachitenganso mu 2020. Mu 2021 kunatsegulidwa Protective Stadium pakati pa mzinda, ndipo mu 2023 UAB inalowa ligi yokulirapo, American Athletic Conference. Bwalo latsopanolo si la pasukulu ndipo si la UAB, analimanga ndi mzinda ndi maboma aang'ono a m'deralo, sukulu imangobwereka. Ndiye kuti Birmingham inachita yokha chimene bodi inakana.

Nanga n'chifukwa chiyani mwana wanu akumvabe mkangano? Chifukwa zinthu zinabwereranso m'mbuyo. Clark anapuma mu 2022 chifukwa cha msana. Sukulu inalemba Trent Dilfer, wosewera wakale wa NFL yemwe anali asanaphunzitsepo timu ya yunivesite, ngakhale osewera anapempha kuti wachiwiri wa Clark apitirize. Timu inapambana masewero 4 mu 2023 ndi 3 mu 2024, ndipo mipando inayambanso kuoneka. Pamwamba pa izo, kuyambira mu 2025 mayunivesite akuloledwa kulipira osewera mwachindunji mpaka madola pafupifupi 20 miliyoni pachaka. Tuscaloosa ingakwanitse popanda kutuluka thukuta. UAB singakwanitse, ndipo wosewera aliyense wabwino amene imukulitsa amakopedwa ndi sukulu zolemera chaka chotsatira. Choncho funso la Watts labweranso, ndipo panopa ndi lolemera kuposa mu 2014. Masapota agawikana. Ena akuti tisonkhenso, tinaonetsa kale kuti tingathe. Ena akuti mpikisano wa ndalamawu tilibe nawo mwayi, tiyeni tikhale timu yabwino ya msinkhu wathu. Ine ndili ndi achiwiriwa. Timu yosewera mu ligi yoikwanira, yolipiridwa ndi amene amaikonda, imapatsa mzinda ndi sukulu dzina limodzi lofuulira pamodzi Loweruka, ndipo sichotsa kanthu m'labu ya mwana wanu. Kuthamangitsana ndi Tuscaloosa ndiko kungadye ndalama zimene mukudera nazo nkhawa.

Chimene sichinasinthe ndi bodi. Aphungu ena anayesa mu 2015 kubweretsa malamulo oti UAB ikhale ndi mawu ambiri m'bodimo, koma sanadutse, ndipo Watts anapitiriza udindo wake. Choncho mwana wanu akadzaimbanso, mufunseni zinthu ziwiri. Ayang'ane pa chikalata chake cha fizi ndi m'malipoti a zachuma amene sukulu za boma zimatulutsa, aone kuti ndi ndalama zingati za ophunzira ndi za sukulu zimene zikupita ku zamasewera, ndiponso ngati malire a mu 2015 aja akusungidwabe. Kenako afufuze kuti m'bodi muli anthu angati ophunzira ku Birmingham. Ngati ndalama ya ophunzira ikukwera pamene mipando ya Birmingham m'bodi sikuchuluka, mundilemberenso, chifukwa pamenepo dandaulo lanu lidzakhala langanso.