Pisitolo zotchipa: kodi n'zodalirika? Mafunso a anthu a ku Mulanje ndi ku Thyolo

Pa shopu yanga ku Chitakale ndimakonza mafoni, mapampu ndi makina osokera. Mfuti sindikonza, chifukwa ntchito imeneyo imafuna chilolezo chakechake. Koma kale ndinkasamalira zida pa kampani ina ya alonda, ndiye anthu odziwa zimenezi amabwera ndi mafunso. Ndasankhapo amene akubwerabwera.

Funso: Ndimagula nandolo ndi chimanga ku Limbuli, ndipo nthawi ya msika ndimayenda ndi ndalama zambiri. Ndamva kuti kuli pisitolo zotsika mtengo. Kodi zimagwira ntchito bwino, kapena n'kutaya ndalama?

Yankho: Bambo, tiyambe ndi lamulo. M'Malawi muno munthu sagula mfuti ngati akugula njinga. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna kuti mupemphe chilolezo kupolisi musanagule, mufotokoze chifukwa chake, ndipo mukaloledwa mfutiyo ilembedwe m'kaundula pa dzina lanu. Chiphaso chake chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Zonse zimene ndinene pansipa ndi za munthu amene wadutsa njira imeneyi.

Tsono za kudalirika. Pisitolo yokhala ndi magazini, kabokosi kosungira zipolopolo, imadzikonzekeretsa yokha. Mukakoka tiriga, kachitsulo kokokera ndi chala, chipolopolo chimodzi chimatuluka, mphamvu ya kuphulika kwa onga imakankhira m'mbuyo chitsulo chapamwamba chomwe timati silaidi, chigoba chopanda kanthu chimaponyedwa kunja, kenaka sipuling'i imabweza silaidi kutsogolo itatenga chipolopolo china m'magazini. Zonsezi zimachitika m'kuphethira kwa diso, ndipo chimodzi chikaphonya mfuti imaima.

Mfuti zotchipa zodziwika padziko ndi monga Hi-Point C9 ya ku America, Taurus G2C ya kampani ya ku Brazil, Canik TP9 ya ku Turkey ndi za Norinco za ku China. Opanga amachepetsa mtengo m'malo odziwika: utoto woteteza chitsulo umakhala wopyapyala, tiriga imakhala yolimba kapena yokhakhala, ndipo si mfuti iliyonse imene imayesedwa mokwanira isanatuluke m'fakitale. Hi-Point C9 ili ndi silaidi yaikulu yolemera, yopangidwa ndi chitsulo chosakaniza ndi zinki, chifukwa kulemerako ndiko kumagwira chigoba mpaka chipolopolo chituluke. M'manja ndi yolemera, pamaso si yokongola, magazini yake imalowa zipolopolo 8 zokha, koma imawomba. Taurus G2C ndi yopepuka ndipo imalowa 12. Ena amanyoza akaona chogwirira cha pulasitiki, koma Glock 17 ya ku Austria, imene asilikali a dzikolo anaisankha mu 1982, ili ndi chogwirira chotero, ndipo apolisi a mayiko ambiri amaidalira mpaka lero.

Maganizo anga ndi akuti pisitolo yotchipa yatsopano, yochokera ku fakitale yodziwika kudzera mwa wogulitsa wovomerezeka, imagwira ntchito ngati mwini wake akuisamalira. Kusiyana kwake ndi yodula kumaonekera kwa munthu wowombera zipolopolo zikwizikwi pa chaka, ndipo kuno munthu wamba safika pamenepo. Komabe ndikuuzeni zoona, bambo: achifwamba amabwera atakonzeka, inu muli pa njinga yamoto manja onse pa chiwongolero. Akadziwa kuti muli ndi mfuti, ayamba kusaka mfutiyo pamodzi ndi ndalama. Kulipira alimi pa Airtel Money kapena Mpamba, kusintha nthawi yoyendera ndiponso kusayenda nokha kumakutetezani masiku onse a msika. Mfuti imakhala pachiuno chaka chonse osagwira ntchito, koma udindo wake mumausenza ola lililonse.

Funso: Ndine kapitao wa alonda pa esiteti ina ku Thyolo. Tikapita koyeserera, pisitolo imodzi imakonda kuima, chigoba chitapanikizika pakhomo potulukira. Kodi yatha?

Yankho: Achimwene, musafulumire kuiweruza. Pa mfuti zimene zinkabwera pa tebulo langa ndi dandaulo lotere, zambiri zinali zabwinobwino, vuto lili kwina.

Yambani ndi magazini. Ndicho chiwalo chofooka kwambiri pa pisitolo iliyonse, makamaka yotchipa. Pamwamba pake pali milomo iwiri ya chitsulo chopyapyala imene imagwira chipolopolo kuti chiloze bwino polowa. Mlonda akaigwetsa pa simenti milomoyo imapindika pang'ono, mwina diso silingaone n'komwe, koma chipolopolo chimayamba kulowa chopendekeka. Sipuling'i ya m'kati nayo imatopa. Lembani manambala pansi pa magazini onse ndi penti, ndipo mfuti ikaima muzilemba kuti inali ndi magazini iti. Mukapeza kuti vuto likutsata nambala imodzi, mwaligwira. Magazini yoteroyo ichotsedwe pa ntchito. Osaiwongola ndi pulayala.

Chachiwiri ndi kagwiridwe, ndipo vuto mwafotokozali nthawi zambiri limachokera apa. Silaidi imafuna kuti mfuti ikhale yolimba m'manja kuti ibwerere mpaka kumapeto. Munthu akagwira mofewa, dzanja n'kugwedezeka pa mkono, mphamvu ina imathera m'dzanjamo, silaidi imabwerera theka, chigoba n'kupanidwa chitaima. Mupatseni mfuti yomweyo mlonda wina wozolowera. Ikasiya kuvuta, amene akufunika maphunziro ndi munthuyo.

Chachitatu ndi litsiro. Pambali pa silaidi pali kachitsulo kokhala ngati mbedza kamene kamakoka chigoba. Pansi pake pamaunjikana mwaye wa onga wosakanizika ndi mafuta, ndipo kakalephera kugwira bwino mkombero wa chigoba, chigobacho sichituluka monse. Mswachi wakale umachotsa zimenezo. Mukayesa zonsezi vuto n'kukhalapobe, ipititseni kwa wokonza mfuti wovomerezeka, osati kwa wowotcherera wa pamsika.

Pali chinthu china chimene ndikupempha kuti muuze alonda anu onse. Mfuti ikalira mofooka kusiyana ndi masiku onse, ngati kamphokoso chabe, munthu asiye pomwepo. Zikhoza kutheka kuti onga unali wochepa kapena wonyowa, ndipo chipolopolo chatsakamira m'kati mwa mpope. Kuwomba china pambuyo pake kumang'amba mpopewo m'manja mwa munthu. Ndipo mukakoka tiriga osalira kanthu, musatembenuze mfuti kuti muisuzumire. Ilozetsenibe kutsogolo kwa masekondi 30, chifukwa chipolopolo chakale nthawi zina chimachedwa kuphulika.

Funso: Ndili ndi pisitolo ya chiphaso, ndimakhala kufupi ndi Likhubula. Ndaitulutsa patapita miyezi ndapeza madontho ofiira pa silaidi. Nditani?

Yankho: Limenelo ndi dzimbiri, bambo, ndipo kwathu kuno ndiye mdani wamkulu wa chitsulo chilichonse. Mvula ya m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi yochuluka, n'chifukwa chake tiyi amakula bwino, ndipo ngakhale m'miyezi ya June ndi July chiperoni chikatsika mpweya umakhala wonyowa masiku angapo. Mafoni amene amabwera kwa ine nthawi imeneyo amakhala atachita zobiriwira polowera chaja. Mfuti yotchipa, ndi utoto wake wopyapyala uja, imagwidwa msanga kuposa yodula. Apa ndi pamene kutchipa kumaonekeradi.

Musanaigwire n'komwe kuti muipukute, chotsani magazini, kenaka kokani silaidi m'mbuyo muone ndi maso anu kuti m'kati mulibe chipolopolo, mulowetsemonso chala. Tsatirani ndondomeko imeneyi, magazini poyamba, silaidi pambuyo. Anthu ambiri amene avulala popukuta mfuti ankaganiza kuti kuchotsa magazini n'kokwanira, pamene chipolopolo chimodzi chinali chitalowa kale kumayambiriro kwa mpope. Zipolopolo zonse zikhale m'chipinda china pamene mukugwira ntchitoyi.

Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi kansalu konyowetsa mafuta a mfuti, kupukuta modekha. Sandipepala ayi, imachotsa utoto wotsalawo. Yang'ananinso m'kati mwa mpope polozetsa kowala. Mukaona timaenje, imeneyo yapitirira pa msinkhu wa kansalu. Mafuta akhale ochepa, kadontho pa njanji zimene silaidi imayendamo, kwinako kungopaka kuti chitsulo chinyezimire. Mafuta ambiri amakoka fumbi n'kusanduka phala. Ophikira musayese, amauma n'kumata. Mafuta asafikenso pa zipolopolo kapena m'kabowo ka singano yomenya chipolopolo.

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri ndi kusunga mfuti m'chikwama chake chachikopa. Chikopa chimamwa thukuta ndi chinyezi n'kuzigwira pa chitsulo usiku wonse. Ndinaonapo pisitolo imene mbali yogunda chikopa inali yofiira mpaka zilembo za fakitale zosawerengeka, mbali inayo ili yakuda bwinobwino. Muitulutse m'chikopa, muipukute, muiike m'bokosi lachitsulo lokhoma. Timapaketi toyera timene timabwera m'makatoni a nsapato ndi a mafoni timayamwa chinyezi, ponyanimo tingapo ndipo muzitisintha. Nyengo ya mvula muziiona kamodzi pa mwezi ngakhale simunaigwiritse ntchito.

Funso: Kodi zipolopolo za 9mm zonse n'zofanana?

Yankho: Ayi, ndipo kusokoneza kumeneku n'koopsa. Pali 9x19, imene Georg Luger anakonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndiyo imalowa mu Glock 17, Taurus G2C ndi zina zambiri. Pali 9x18 ya Makarov, yaifupi pang'ono koma yonenepa pang'ono. Palinso 9x17, imene ena amati .380. Nambala yachiwiriyo ndi kutalika kwa chigoba mu mamilimita. Mtundu woyenera unadindidwa pa mpope kapena pa silaidi ya mfuti yanu, ndipo pansi pa chigoba pamakhalanso chidindo. Ziwirizi zigwirizane. Chipolopolo chobiriwira, chophwanyika kapena chimene mutu wake walowa m'kati, kapereke kupolisi kuti akachiwononge.

Funso: Mnzanga wa ku Muloza akuti angandipezere pisitolo pa mtengo wa mbuzi ziwiri, yopanda mapepala. Akuti ndi yolimba, ya ku Russia.

Yankho: Mukane, achimwene, ndipo musaigwire n'komwe. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la ku Rome mu 1992, ndipo zida zambiri sizinabwerere m'nkhokwe za boma. Ife a m'malire ndi Milange tikudziwa mmene zina zinkawolokera. Pisitolo za nthawi imeneyo, monga Tokarev TT-33 ndi Makarov ya 1951, zinapangidwa zolimba ndithu. Koma mfuti imene yakhala zaka zoposa 30 m'dothi kapena pa denga la udzu, sipuling'i zake zinafooka, m'kati munadyeka, zipolopolo zake n'zamsinkhu womwewo. Tokarev yeniyeni ya asilikali ilibe n'komwe kabatani kotsekera kuti isalire mwangozi, choncho ikakhala yotha n'kugwa pansi ili ndi chipolopolo m'kati, ikhoza kulira yokha.

Choopsa chachikulu n'chakuti simukudziwa kumene yadutsa. Mfuti iliyonse imasiya zizindikiro zake pa chigoba ndi pa chipolopolo. Ngati inapherapo munthu ku Luchenza kapena ku Bvumbwe n'kupezeka m'nyumba mwanu, amene adzayankhe mafunso ndinu, kuwonjezera pa mlandu wosunga mfuti popanda chilolezo, umene anthu amapita nawo kundende. Chimodzimodzi gogodera wosula kumudzi: mpaipi wa madzi sunapangidwire kuphulika kwa onga.

Funso: Amuna anga ali ndi mfuti ya chiphaso ndipo amagona nayo kumutu. Tili ndi ana atatu, wamng'ono ali ndi zaka 4. Iwo akuti mwana sangathe kuikoka. N'zoona?

Yankho: Mayi, si zoona. Mwana wa zaka 4 sangakoke silaidi mwina, koma ngati chipolopolo chili kale m'kati, tiriga amaikankha ndi zala zazikulu ziwiri, mfuti italoza kumaso kwake. Pisitolo zambiri zamakono, zotchipa ndi zodula zomwe, zimawomba mukangokoka tiriga. Kabatani kotsekera pamene kalipo, mwana amakasuntha posewera.

Akhazikeni pansi bambowo nthawi imene ali bwinobwino, muwauze kuti mfuti izikhala m'bokosi lachitsulo lokhoma, lomangiriridwa kukhoma kapena pansi, yopanda chipolopolo, zipolopolo zili pena pokhomanso, kiyi ali pathupi pawo. Tsiku limene amwa mowa, kapena m'nyumba muli mkangano, kapena wina wa m'banjamo akuoneka wosweka mtima kwambiri, bokosilo lisatsegulidwe. Anawo auzeni kuti akaona mfuti kulikonse asaigwire, achokepo akaitane munthu wamkulu. Bambowo akakana kumva, itanani ankhoswe. Ndipo ngati mfutiyo inatulutsidwapo pa mkangano wa m'banja, ngakhale kamodzi kokha, musadikire ankhoswe. Pitani kupolisi ya Mulanje kapena ya Thyolo, mukafunse ofesi ya Victim Support Unit, mukafotokoze zonse monga mwandilembera ine.