Ine zinandichitikira pa Grade 9

Aphunzitsi, zoti ana pofika Lolemba aiwala zomwe munawaphunzitsa Lachisanu, ine zinandichotsa ulemu pamaso pa anthu. Ndinkaphunzitsa masamu pasukulu ina yapulaiveti kuno m'tauni ya Johannesburg ku South Africa, chakufupi ndi renki ya matekisi ya Bree. Ahedi ankangofuna chinthu chimodzi, ATP, ndondomeko ya mitu yoti iphunzitsidwe pachaka, ithe basi. Lachisanu lililonse ankabwera ndi fayilo kudzachonga mitu yomwe ndadutsa. Ine kumangothamanga, kudzaza bolodi, ana kumakopera. Ndikafunsa kuti mwamva, onse mitu gwedegwede.

Ndiye anafika mayeso a June. Ndikuyenda pakati pa madesiki, ndinaima pa mtsikana wina wokhala kutsogolo, amene kope lake linali laukhondo kuposa onse. Funso linali la ma exponents, zomwe tinachita term yoyamba. Analemba nambala ya funso, n'kufufuta, n'kulembanso. Kenaka anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, misozi ili lengelenge. Tsamba lonse linali mbee. Ndipo mukudziwa nokha kuti Grade 9 popanda 40% ya masamu sudutsa.

Ahedi aja anandiimika pamaso pa makolo, amvekere aphunzitsi ochokera kunjawa sadziwa CAPS, silabasi ya sukulu za kuno. Iwo omwewo amene ankandikalipira ndikangobwerera m'mbuyo tsiku limodzi! Ndinangoti kukamwa pululu, poti lendi ya nyumba yanga ku Rosettenville inkadalira iwowo. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Term yotsatira ndinasintha mwakachetechete. Mphindi 10 zoyamba makope onse atsekedwe, mafunso atatu pabolodi: la dzulo, la sabata yatha, la mwezi watha. Mwana akavutikira kuchikumbuka yekha m'pomwe chimakhazikika m'mutu, pomwe kuwerenganso manotsi kumangomunamiza kuti akudziwa. Ebbinghaus, katswiri wa ku Germany wofufuza za kuiwala, anaonetsa kale mu 1885 kuti zambiri zomwe waphunzira zimatayika m'masiku oyambirira, choncho musadikire revision ya kumapeto. Samu yoyamba chitani pamodzi pang'onopang'ono, yachiwiri achite okha inu mukuzungulira. Akafuna kufotokozerana m'Chizulu kapena m'Chisutu, asiyeni.

Koma ATP yo musaisiye, chonde. Pepala la mayeso limafunsa mitu yonse, ndipo mukatsalira ahedi adzakudyani ngati ine. Thamangani ndithu, mutu wina ukakanika dutsani, mudzaubwerere Loweruka ngati ana angabwere.