Yankho kwa achemwali ofuna kupita ndi ana ku Alpbach

Achemwali, mwafunsa ngati Alpbach ndi malo oyenera banja lochokera ku Leeds limene silinavalepo maski (timatabwa titalititali tomanga kumapazi potsetsereka pa chipale chofewa, masewera otchedwa ski) chibadwire, inuyo, bambo akunyumba ndi ana awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 11, ndiponso mwezi wabwino wopitira. Ine ndikuti pitani ndithu, mudziwo ndi wabwino kwa ongoyamba kumene. Koma zithunzi zokongola mwaonazo zisakupupulumitseni kulipira malo ogona. Chimene chidzakometse kapena kuwononga sabata yanu ndi mtunda wochokera pakhomo pamene mukugona kukafika pamene ana amakumana ndi mphunzitsi wawo m'mawa.

Alpbach ali m'chigawo cha Tyrol ku Austria, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 2,500 basi. Kuyambira mu 1953 kuli lamulo loti nyumba iliyonse yatsopano imangidwe mwachikale, pansi khoma, pamwamba matabwa ndi khonde lake, n'chifukwa chake mu 1983 anausankha kukhala mudzi wokongola koposa m'dziko lonselo. Koma mudziwo anaumanga pachitunda choyang'ana dzuwa, ndipo magondola akuluakulu (tizipinda tolendewera pachingwe tonyamula anthu) okwera nawo phiri la Wiedersberger Horn sali pakati pa mudzi ayi. Ina, Wiedersbergerhornbahn, ili kumunsi m'mbali mwa msewu wobwerera ku mudzi woyandikana nawo wa Reith, ina, Pöglbahn, ili ku Inneralpbach, makilomita ochepa kulowera mkati mwa chigwa. Pamayenda basi ya anthu a ski, ndipo alendo salipira, koma muyenera kukaipeza pasiteji yake pa nthawi yake.

Apa ndi pamene ongoyamba ambiri amakhumudwira. Nsapato ya ski ndi yapulasitiki yolimba, imafika pakatumba, ndipo sipinda pakakolo. Munthu umayenda chogogoda, chidendene kaye kenako zala, pamsewu woti usiku madzi anaumapo n'kuterera. Ndiye muone wa zaka 7 uja, chisoti kumutu, magalasi achita nthunzi, golovesi imodzi yagwa kumbuyo, maski ake akulekana m'manja, inu mwasenza anu paphewa, basi ikubwera. Mtunda wa mphindi 5 pa mapu umasanduka mphindi 20 ndi misozi. Choncho musanalipire, alembereni eni nyumba muwafunse kuti siteji ya basi ili pa mamita angati, ndiponso ngati njira yake ndi yokwera. Afunseninso ngati ali ndi chipinda chosungira maski chokhala ndi zoumitsira nsapato, chifukwa kuvala nsapato yonyowa ndi yozizira m'mawa n'kowawa. Koposa zonse, bwerekani zida pasitolo imene ili pafupi ndi gondola ndipo imalola kuzisiya pomwepo madzulo. Mumalipira pang'ono, koma mumapita ndi kubwera mutavala nsapato zanu za masiku onse. Zikanakhala za ine ndikanagona ku Inneralpbach. Kulibe masitolo ambiri, usiku kuli zii, koma gondola ili pafupi.

Ndalama yanu yoyamba ipite ku sukulu ya ski, ndipo mulembetse nonse anayi. Bambo asanene kuti mnzawo wakuntchito adzawasonyeza, kapena kuti aonera pa YouTube. Kuima ndi kukhota kumafuna munthu woti akuone ndi kukukonza pomwepo, ndipo mawondo a munthu wamkulu sachedwa kuvulala. Magulu ambiri amayamba Lamlungu kapena Lolemba, maola awiri m'mawa ndi awiri masana, ndipo nenanitu kuti mukufuna mphunzitsi wolankhula Chingerezi. Ana adzakupitirirani pofika tsiku lachitatu, zimenezo zisakudetseni nkhawa.

Tikiti ya malifiti (magondola ndi makina ena okwezera anthu paphiri) musathamangire kugula ya sabata yonse pa intaneti. Dera lonselo limatchedwa Ski Juwel Alpbachtal Wildschönau, zigwa ziwirizi anazilumikiza mu 2012, ndipo lili ndi njira zotsetserekamo zopitirira makilomita 100. Inu masiku oyamba mudzakhala pakamtunda kamodzi kophunzirira, ndiye bwanji kulipirira mapiri amene simudzawaponda? Funsani a sukulu kuti tikiti yoyenera gulu lanu ndi iti, ndiponso tsiku loyambira kuigwiritsa ntchito. Ku Austria njira zosavuta zili ndi zikwangwani za buluu, zofiira n'zovutirapo, zakuda n'za akatswiri. Zobiriwira zimene mwina munamva n'za kumaiko ena monga France.

Kunena za mwezi, sabata ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano n'zodula, chimodzimodzinso Febuluwale, chifukwa tchuthi cha ana a ku Britain chimagundana ndi cha ku Austria, Germany ndi Netherlands. Yotsika mtengo ndi Januwale pakadutsa pa 6, kungoti kumazizira zedi ndipo ana anu amakhala ali pasukulu. Malichi kumakhala dzuwa labwino, koma popeza Alpbach si wokwera kwambiri, chipale chofewa cha m'munsi chimasungunuka masana n'kukhala phala. Isitala ikachedwa musadalire n'komwe, nyengoyo imakhala itatsekedwa. Ngati n'zosatheka kupewa tchuthi cha Febuluwale, lembetsani sukulu ndi malo ogona miyezi ingapo isanakwane. Zoti mpweya udzakuperewerani musade nazo nkhawa: tauni ya Dedza ili pamwamba kuposa mudziwu, ndipo malifiti amathera pa mamita 2,000 ndi pang'ono, kutali ndi Sapitwa wathu wa mamita 3,002.

Tsono viza. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi, chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Austria, mufunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya. Kuyambira mu Juni 2024 wamkulu amalipira mayuro 90, mwana wa zaka 6 mpaka 11 mayuro 45, kuwonjezerapo ya kampani yolandira mapepala. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6, ndiye yambani msanga, masiku okaonekera amatha. Amafunanso inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Chonde werengani bwino pepala lake, chifukwa inshuwalansi wamba ya paulendo nthawi zambiri sikhudza ski pokhapokha mutawonjezera gawo la masewera a m'chisanu. Khadi la GHIC, la zaumoyo limene okhala ku Britain amatenga popita ku Ulaya, limathandiza kuzipatala zaboma, koma sililipira okutsitsani paphiri kapena helikopita, ndipo madokotala ambiri a m'midzi ya ski ndi olipiritsa. Sungani m'foni 140, nambala ya opulumutsa anthu kumapiri ku Austria, ndi 112.

Bwalo la ndege lapafupi ndi Innsbruck, ndipo m'nyengo yachisanu kuli ndege zochokera ku Manchester. Kuchoka kumeneko ndi sitima mpaka Brixlegg, kenako basi yokwera chigwa. Munich ndi Salzburg n'zothekanso, kungoti n'kotalikirapo. Galimoto yobwereka sindikulimbikitsani, ingokhala pakhomo sabata yonse.

Zovala musagule zodula. Majekete ndi mathalauza a ski amapezeka ku Decathlon, ndipo Aldi ndi Lidl amabweretsa awo chisanu chikamayamba, kapena bwerekani kwa anzanu. Osaumira pa magolovesi, mwana aliyense akhale ndi mapeya awiri. M'nsapato muvale sokosi imodzi yokha yaitali, yosapindika. Mukaphatikiza ziwiri magazi sayenda bwino ndipo phazi limazizira kwambiri. Chisoti valani nonse. Ndipo inu achemwali, ngati mukufuna kuluka tsitsi la paulendo, lukani zogona kapena zopita kumbuyo zothera m'khosi, chifukwa mfundo yaikulu pamwamba pamutu chisoti sichilowa. Mafuta oteteza kudzuwa ndi opaka milomo tengani, khungu lathu nalo limapsa kumeneko chifukwa chipale chimabweza kuwala kumaso.

Pa chakudya, ndi ana ndi bwino kutenga malo opereka cham'mawa ndi chamadzulo, amati Halbpension, chifukwa pofika 5 koloko palibe amene amakhala ndi mphamvu zophika. Masana paphiri ayeseni Tiroler Gröstl, mbatatesi yokazinga ndi nyama ndi dzira pamwamba, kapena Kaiserschmarrn wotsekemera, mbale imodzi imakwanira ana awiri. Tsiku limodzi pakati pa sabata miyendo ikakana, pumani, mukazungulire mudzi. Pamanda a tchalitchi cha St. Oswald pagona Erwin Schrödinger, katswiri wa fizikisi amene anamwalira mu 1961, wa zaka 11 uja adzamupeza m'mabuku kusekondale. Polipira pomaliza mudzaona kamsonkho ka alendo kowerengera usiku uliwonse, sikuti akuberani, ndipo tengani mayuro ena m'manja chifukwa timalo tina todyera paphiri sitilandira khadi.